Thabwa Logwirira Nthenga

Amayi,

Pepani kuti ndikukuvutitsani kumene mukupumako. Munatopa nafe kale, ndipo sindikanalemba ndikanakhala ndi wina womufunsa. Kodi mukudzuka bwanji kumeneko? Chifuwa chija chinakusiyani?

Kuno ku Kasisi tilipo, koma pang'ono. Mvula inadula pakati, chimanga cha kumtunda chinapsa chisanamasule. Chatsala ndi cha kudambo, ndipo nguluwe zachipeza kale. A Tereza, mwana wanu woyamba, anachira ku Bundabunda. Ndi mwana wamkazi, amupatsa dzina lanu. Nkhuku zanu zinatha ndi chitopa, yatsala imodzi yosaikira.

Chimene ndalembera ndi nkhani ya Atate ndi mivi yawo.

Mukukumbukira mmene munkakhalira pansi pa mtengo wa mpundu masana, mutatambalala, bango lili pabondo panu, zala zanu zitapanikiza nthenga, Atate akukulunga mtsempha wonyowa. Munkatembenuza bangolo pang'onopang'ono osayang'ana n'komwe, mukukamba za kwathu kummawa. Munkati, "Muvi ndi wa anthu awiri, woponya angotenga dzina." Ine ndinkayesa mukungocheza. Sindinkadziwa kuti inali ntchito.

Chichokereni inu, wogwira nthenga ndine. Manja a Atate ayamba kunjenjemera, maso nawo achita nkhungu. Sindigwira bwino ngati inu. Amandinena kuti, "Iwe Marita, ugwira nthenga monga ugwira njoka." Komabe mivi imapita kumene aituma, ndipo ndiyo ikutetezera munda, popeza mfuti tilibe.

A Yosefe munawaona akungoyamba kubwera pakhomo. Ukwati tinadalitsa inu mutapita kale, iwo n'kubwerera ku ntchito yawo ya njanji ku Kabwe, ine n'kutsala ndi Atate. Adikira osadandaula. Tsopano apatsidwa nyumba ya banja kukomboni, ndipo ankhoswe awo abwera kudzapempha chitengwa. Akuti nyumba yotero sakhalamo munthu yekha. Ndikapanda kupita mwezi uno, aipereka kwa wina, iwo abwerera kogona amuna okhaokha. Amayi ena kuchitsime ayamba kale kundiuza kuti ku Kabwe akazi odziwa kuphika ndi ambiri. Ine ndimangotunga madzi anga.

Ndiye ndinaganiza zopeza chinthu chogwira nthenga m'malo mwanga. Ndinayamba ndi nsungwi yong'amba pakati, kuti izipana nthenga. Inazitswanya zonse. Atate anaiponyera nkhuku ija.

Kenaka ndinapita kwa mmisiri wa matabwa wa kumishoni. Mukundidziwa, Amayi. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali, mpaka iwo anafunsa ngati ndabwera kudzapempha bokosi la maliro. Nditafotokoza anaseka pang'ono, koma anandimvera. Anasema timatabwa tiwiri pa zotsalira zawo. Kalikonse kali ndi kangalande pakati kogonekamo bango, ndi timitengo tiwiri topyapyala totseka ngati milomo, togwira nthenga. Kena kamagoneka nthenga molunjika, kena mopendeka pang'ono. Anati, "Sankha wekha mwana wanga. Amai ako anali kugwira bwanji?"

 Ndinatenga tonse tiwiri kupita nato kwa Atate, n'kuwafunsa funso lomwelo. Anapapasa timatabwato nthawi yaitali. Kenaka anati, "Unifunsa ine? Ine n'nali kuyang'ana mtsempha." Zaka zonsezo munakhala moyang'anana, mawondo kugundana, koma sanaone mmene zala zanu zinkakhalira. Tsiku limenelo sanadye.

Ndinasankha kopendeka. M'phodo lawo muli muvi umodzi umene munagwira inu, sauponya. Ndinauyang'anitsitsa padzuwa, ndipo ndinaona kuti nthenga zake zapendekera pang'ono kumanja. Ngati ndinalakwa mundikhululukire. Kolunjika kaja ndinakabweza kwa mmisiri.

Kugwira, thabwalo limagwira ndithu. Silitopa, silinjenjemera, ndipo Atate akalikalipira silipita kuseri kwa nyumba kukalira. Koma silisankha nthenga. Inu munkaika za phiko lamanja m'chikho china, za lamanzere m'china, chifukwa muvi umodzi sulola mapiko awiri. Ine ndapitiriza zomwezo. Maso a Atate sangathenso kusiyanitsa.

Ndinafuna kuona ngati angathe okha, choncho ndinapita ku Bundabunda kukaona mwana wa a Tereza. Pobwera ndinapeza amanga mivi ingapo. Zikho zinagwa ndi mphepo, iwo n'kutola nthenga zonse pamodzi. Anandiitanira kuchulu kuti ndione. Anakoka uta. Muvi unatuluka ukugwedeza mchira ngati nsomba, n'kukagwera muudzu, kutali ndi chulu. Sanauone, koma anamva kulira kwake. Anaponya wachiwiri, chimodzimodzi. Tinabwerera kunyumba, iwo patsogolo ine pambuyo. Inu mukudziwa chimene nguluwe yolasidwa theka imachita kwa munthu amene waima pafupi, ndipo Atate sathanso kuthamanga.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi ankhoswe anabweranso kudzamva yankho. Ndinkayembekeza kuti Atate apempha kuti a Yosefe adikire kufikira tikakolole. M'malo mwake anatulutsa thabwa lija, naliika pakati pa mphasa. Anati, "Onani mkazi wanga watsopano. Sadya, sayankha, sapempha chitenje. Agwira kupambana mwana uyu. Mutengeni chabe, anithera ufa." Anthu anaseka kwambiri, naombera m'manja. Ine ndinali nditagwada pambali ndi madzi. Ndinaona kuti dzanja lawo lamanja analikhalira, kuti alendo asaone mmene likunjenjemerera.

Mivi yokhota ija ndinaipeza dzulo, ataisomeka m'denga la nkhokwe kumbali imene sindipitako. Ndinaisiya momwemo. Sindinawauze kuti ndaiona.

Lole yopita ku Lusaka idutsa Loweruka, ndipo a Yosefe akandidikira kusiteshoni. Mtolo wanga ndamanga, ndamasula, ndamanganso. Nthenga zonse zimene zilipo ndazisankha, ndazimanga m'timitolo ndi luzi: za lamanja mfundo imodzi, za lamanzere mfundo ziwiri, kuti azimva ndi zala. Ndinawaonetsa, iwo anangoti, "Namva." Koma nthengazo n'zochepa, sizifika pokolola. A Tereza sangabwere ndi khanda, ndiponso ali ndi munda wawo wolondera. Anansi ndi anthu abwino, koma aliyense nguluwe zikumudyera.

Amayi, munandisiyira mawu awiri, ndipo sakugwirizana. Pamene a Yosefe ankayamba kubwera munandiuza kuti banja si chinangwa, silidikira munthu m'nthaka. Pamene munkadwala munandigwira dzanja, munati, "Atate ako uziwaona, sadziwa kupempha." Onse awiri ndi anu. Nditsate ati? Ndikapita, ndikuopa uthenga umene udzandipeze ku Kabwe. Ndikatsala, ndiye kuti ndawachititsa manyazi Atate pamaso pa ankhoswe, ndipo mwina a Yosefe sadzatumanso munthu.

Ndapemphera, ndafunsanso asisitere amene anandiphunzitsa kulemba. Anati nditsate mwamuna wanga, koma iwo sanauone muvi uja ukugwera muudzu.

Kaya ndipita kaya nditsala, ndikulonjeza kuti manda anu sadzamera tchire ine ndili moyo, ndipo mwana wa a Tereza ndidzamuuza za mwini dzina lake. Ndimakukondani monga kale. Pepaninso chifukwa cha kutalika kwa kalatayi ndi pamene inki yadontha.

Chonde mundiyankhe msanga, ngakhale m'maloto, ngakhale liwu limodzi lokha. Lero ndi Lachitatu.

Ndine mwana wanu,
Marita