Munawapeza Mwezi Utawala, Amayi Celestina

Lero zakwana zaka zinayi, Amayi, chitisiyireni pakhomo panu paja ku Lungwena. Chaka ndi chaka takhala tikukulemberani ndi misozi yokhayokha. Ulendo uno misozi ilipobe, koma tabwera ndi nkhani imene munaiyendera mpaka zidendene kung'ambika, n'kupita musanaimve.

Mukudziwa mmene munamusiyira Jeffrey, mzime wanu. Anali siginala wodziwika, wotsogola ndi bwato la nyali kukakopa usipa, ndipo alovi onse, anyamata okoka ukonde wa chilimira, ankadikira mawu ake asanauponye. Kachasu anamulanda zonsezo. Mwini chilimira anamutsitsa atamupeza ali m'tulo m'bwato nyali zikuyaka, ndipo mkazi wake Hana anatenga ana n'kubwerera kwawo ku Malindi. Ena a ife tinkati asiyidwe, ndi wamkulu ameneyo. Inu simunamunyozepo. Munkangoti mwana wanu akudwala, ndipo simukhala pansi mpaka mutapeza kumene anzake anachirira.

Munamva kwa mayi wina wogula usipa kuti kuli amuna amene anasiya mowa, amene amakumana n'kumalimbitsana mtima okhaokha, popanda dokotala kapena wansembe. Koma kuti? Munafunsa ku tchalitchi, munafunsa ku chipatala, munakwera kabaza mpaka pa boma. Kumene simunaganizeko ndi kuseri kwa mzikiti, pa shedi ya a Latif okonza njinga, poti ife a Anglican tinkangoti anzathu achisilamu za mowa siziwakhudza. Atakulozerani kumeneko munapita Lolemba, n'kupeza njinga zokhazokha. Lachisanu, chimodzimodzi. A Latif, posadziwa chimene mayi wa mtanda pakhosi akufuna, anangokufunsani ngati tayala laphulika ndi lakutsogolo kapena lakumbuyo. Nkhani imeneyi munkatifotokozera mukuseka mpaka kupukuta maso ndi chitenje.

Munazitulukira nokha, muli pa thandala loyanikapo nsomba mukutembenuza usipa. Inu munkafunsa tsiku la m'sabata, chonsecho asodzi sayendera sabata, amayendera mwezi. Mwezi ukawala usipa sulabadira nyali, mabwato amakhala pamtunda, ndipo ndi masiku amenewo amene amuna amathera ku mowa. Ndiye ndi masiku omwewonso amene a pa shedi paja ankakumana, m'mawa uliwonse mpaka mdima utabwerera. Mwezi utakula munapita, ndipo munawapeza, Asilamu ndi Akhristu pa benchi imodzi, aliyense akunena zake popanda womudula mawu. Jeffrey anakana kwamtuwagalu kupitako. Inu munkapitabe ndi fulasiki ya tiyi, n'kukhala chapatali pansi pa mtengo wa mango. Titakufunsani chimene mumakatenga pakati pa amuna, munati mukufuna akudziweni nkhope, kuti mwana wanu akadzafika asadzakhale mlendo.

Anafikadi, Amayi. Inali nthawi ya mvula yoyamba chikuikireni m'manda. Anafika fungo la mowa wa dzulo lake lisanathe. Asanatchule n'komwe dzina, a Latif anamusendera pa benchi n'kuuza anzawo kuti uyu ndi mwana wa mayi wa tiyi uja, amupatse kapu. Sitikunamizani kuti zinangoyenda myaa. Anagwa kawiri, ndipo kachiwiriko a Latif ndi mnzawo wa m'gululo, a Swadick, anachita kukamunyamula pa njinga kuchokera kumene ankamwerako. Koma pano zatha zaka zitatu osalawa. Hana anayamba watumiza ana pa holide, kenako anabwera yekha kudzaona ndi maso ake, ndipo katundu wake anamutsatira pambuyo. Mwini chilimira naye anabwera pakhomo chipewa chili m'manja, ndipo nyali anazibwezera kwa mwana wanu. Asodzi a ku Nkopola atamva za gululi anapempha kuti liyambenso kwawo, moti Jeffrey amapalasa njinga kuzungulira pa mlatho wa pa boma kukakhala nawo. Masiku ano wofuna anzake omugwira dzanja sayendanso mtunda umene munayenda inu. Amangofunsa pa gombe, ndipo amamuperekeza.

Bambo athu a Maurice akadali ndi chizolowezi chokuitanani akafuna magalasi awo. Ana anu aakazi, Victoria ndi Gloria, akamachapa amangopezeka akung'ung'udza nyimbo yanu ija ya ku msonkhano wa amayi wa Lachinayi, n'kulephera kuimaliza. Adzukulu anu amafunsa za inu, ngakhale amene sanakuoneni.

Chatsala ndi chimodzi. Chichokereni tsiku la maliro, Jeffrey sanapondepo pa manda anu. Ankati alibe nkhope yobwera nayo pamaso panu, ndipo ife sitinamukakamize. Dzana ananola khasu yekha, popanda womutuma. Loweruka likubwerali akubwera kudzakulambulirani, Amayi, akuyenda ndi miyendo yake, Hana ndi ana ali pambali pake, amuna a pa shedi ali pambuyo.

Usani mu mtendere. Dzina lanu silidzazilala pakamwa pathu, ngakhale pa benchi ija.

Ndife a Maurice, Victoria, Gloria, Jeffrey, Hana ndi adzukulu anu onse.