Foni Yanu Ndaipeza Kunsi kwa Mashini

Bambo a ana,

Mukadzuka musandifune, ndapita kuchipatala ndipo foni yanu ndatenga. Sabata yonseyi ndimadabwa kuti chikugogoda n'chiyani ndikamasoka, osadziwa kuti mwaimangirira ndi kansanza kunsi kwa chopondera cha mashini anga. Kani masitepe amene foniyi imawerenga, anesi n'kumakuyamikirani pa meseji, ndimaponda ndine, inu muli gada pa sofa? Manyazi mulibe! Dzulo ndasoka madiresi anayi, foni yalemba kuti mwayenda makilomita asanu ndi awiri. Inuyo, munthu wopumira kawiri musanafike pageti!

Paja adokotala anati akuchepetserani mankhwala a mtima poti mukulimbikira kuyenda. Ndikukawauza zoona asanatero.

Mankhwala ali patebulo, imwani. Mchere ndabisa, musavutike n'kufufuza. Diresi lobiriwiralo mukapereke kwa mayi ogulitsa tomato kumsika, ndipo mupite wapansi. Pepani, njinga ndaiphwetsa matayala onse awiri.

Kwiyani mmene mungathere. Ine ndasokera akazi amasiye ambiri zovala zakuda, ndipo zanga sindikufuna kusoka.

Ndine mkazi wanu amene wakhala akukuyenderani.