Sindikapepesa kwa a Shuga

Lachinayi, 9 Meyi

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kalata yanu ndalandira. Mukuti ndikapepese kwa a Shuga, achiwiri a bambo m'bungwe la akalipentala. Sindipita, ndipo imvani chifukwa chake.

Chidwalireni sitiroko ija, bambo akuyenda ndi kulankhula bwinobwino, koma adokotala anandionetsa chithunzi cha ubongo wawo. Anati kachigawo kamene kamachenjeza munthu akaona nkhope yachinyengo kanawonongeka. Bambo aja ankazindikira thabwa laliwisi lisanatsitsidwe m'galimoto, lero aliyense wowamwetulira ndi m'bale wawo.

A Shuga anazitulukira msanga. M'mawa uliwonse ankabwera kudzawagwira paphewa, amvekere, "Apampando, popanda inu ife ndife ana amasiye." Chimene ankafuna n'chakuti shedi yonse imene akalipentala amagwiriramo ntchito iperekedwe kwa mkulu wina womanga masitolo. Ankadziwa kuti iwo akalipentala sangawamvere. Amamvera bambo.

Pamsonkhano bambo anaimirira pautuchi paja, ndi mawu awo amphamvu omwe aja, n'kunena kuti kusamuka n'kwabwino. Manja anayamba kukwera. Achimwene, manja oduka zala ndi macheka, akutaya malo awo chifukwa wanena ndi bambo athu!

Ndinakwera pabenchi. Ndinati, "Bambo anga akudwala. Pakamwapo m'pawo, koma maganizowo ndi a awa."

A Shuga anaseka. "Mwana wamkazi, wadzuka ndi chiyani lero?"

Ndinati, "Afunseni bambo kumene mukusamukira."

Kalipentala wina wachikulire anawafunsadi. Bambo anacheukira a Shuga ngati mwana wasukulu wodikira kunong'onezedwa yankho. Manja aja anatsika limodzilimodzi. Shedi yapulumuka, koma upampando bambo wawachoka.

Mukuti bambo ndinawavula pagulu. Sindikana. Pobwerera anandifunsa, "Mwanawe, kodi ndine wodwala?" Nditavomera anandigwira dzanja, amvekere, "Ukanena iwe ndiye kuti n'zoona." Bola akanandikalipira. Komabe atayambiranso a Shuga mawa, ndikweranso pabenchi pomwepo. Inu amene mukuweruza muli kutali, bwerani mudzawayang'ane bambo kumaso kaye.

Moni kwa alamu ndi ana. Mayi akuti muzivala zofunda. Bambo akupereka moni wambiri. Dzulo anafunsa za inu, ine n'kuwauza kuti mubwera mwezi uno. Akhulupirira, mpaka akukukhomerani mpando. Musandisandutse wabodza.

Ine mlongo wanu wosamva uja.