Mgolo wa Naini

Lolemba, 4 Ogasiti

Sabata yachisanu. Chimfine chinatha kalekale koma mphuno sinabwerere. M'mawa ndanunkhiza khofi, sopo, ngakhale nsapato za bambo a kunyumba. Zii. Zaka makumi awiri ndikulawa vinyo pa munda wa mpesa uno. Dzina langa lili pa botolo lililonse la vinyo wathu woyera, wosatsekemera uja mahotela amachita kulimbirana. Lero sindingasiyanitse duwa ndi chisanza. Latsala ndi lilime lokha: kuwawasa, kuzizira, basi. Kuntchito sindinauze munthu. Akadziwa, ntchito yatha, ndi nyumba yomwe poti ndi ya pamunda.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Tsiku lolawa migolo. Makumi anayi. A Migolo, bambo osamalira migoloyi (dzina lawo lenileni tonse tinaliiwala), amatunga n'kunditsanulira m'tambula. Ine kuzunguza, kununkhiza, kulawa, kulavula. Mgolo wabwino ndimaujambula mzere wozungulira ndi choko, wokayikitsa mtanda. Ya mzere wozungulira yokha ndi imene imakasakanizidwa m'thanki yaikulu.

Lero ndabera ngati mwana wa sukulu. Kope la zimene ndinalawa chaka chatha m'thumba la epuloni. Mgolo uliwonse umalandira mphesa za chigawo chomwecho chaka ndi chaka, ndiye umene unakhoza chaka chatha wakhozanso lero.

Pa mgolo wa naini a Migolo anakwinya nkhope. "Achemwali, tanunkhizaninso uyu. Akumveka ngati katoni yonyowa." Ndinanunkhizanso, zii. Chikanandivuta n'chiyani kulemba mtanda? Koma kunyada kunandigwira. Ndinawauza kuti wolembedwa ntchito ya mphuno pano ndine, iwo azisamala za mipopi. Mzere wozungulira. Munthu wamkulu, wa msinkhu wa bambo anga, anangoti chabwino. Ndikuchita manyazi mpaka pano.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Kuchipatala. Maola atatu pa benchi, mphindi zisanu kwa adokotala. Akuti mwina miyezi itatu, mwina chaka, mwina osabwereranso. Ndizinunkhiza ndimu m'mawa ndi madzulo kuti mphuno ikumbuke. Ndagula mandimu. Ndakhala nawo pa tebulo ngati wamisala.

Mkaka wapserera ine ndili chiimire pafupi ndi mbaula. Anadzagogoda ndi aneba. Bambo a kunyumba akuti ndisamadandaule, zibwerera zokha. Iwo chilichonse chimabwerera chokha, ngakhale chitseko cha bafa chija chinagwa chaka chatha.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Tasakaniza. Ndinaima pompo paipi ikulowa mu mgolo wa naini. Sindinawaletse. A Migolo anandiyang'ana, ine ndinayang'ana pansi.

Masana abwana anabwera kudzalawa za m'thanki. Anazunguza tambula, ananunkhiza nthawi yaitali. Analavula n'kutenga botolo limodzi kuti akalipimitse. Ine ndinali nditanena kale kuti ali bwino kwambiri. Pakamwa panga!

Lachitatu, 20 Ogasiti

Zotsatira zabwera. Nkhungu mu mgolo wa naini, ndipo yaipitsa thanki yonse. Vinyo wa chaka chino sangalembedwe dzina la munda. Agulitsidwa wopanda dzina, motchipa, kwa aliyense amene angamufune.

Msonkhano mu ofesi. Abwana akuti a Migolo sanatsuke bwino mgolowo. Za ine, akuti fungolo liyenera kuti linayamba titalawa kale, poti ine sindingaphonye chinthu chotero. Anachita kundiyamikira. Anawafunsa a Migolo ngati ali ndi chonena. Ndinadikira kuti anditchule, mwinanso ndimafuna atero. Anangoti alibe. Zaka makumi atatu ndi chimodzi pa ntchito, achoke pakutha pa mwezi.

Sindinadye. Ndikudzida.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Ndinapita kwa a Migolo. Makatoni pakhonde, bedi atalimasula kale. Mayi a kunyumba kwawo anandilonjera bwinobwino, kundiyalira mkeka, kundipepesa kuti mipando yamangidwa. Ndiye kuti sanawauze.

Pondiperekeza a Migolo anati, "Ndinaona kalekale, achemwali. Masiku ano mumalowetsa mphuno yonse m'tambula ngati mlendo." Ndinawafunsa chifukwa chimene anakhalira chete. Akuti ana awo anamaliza sukulu, anga ayi. Ndipo mgolowo, akuti, anatsukadi ndi iwo. Ndinalira pamsewu anthu akuona.

Lolemba, 25 Ogasiti

Ndaulula kwa abwana. Zonse: chimfine, kope, zimene a Migolo ananena pa mgolo uja ndi mmene ndinawayankhira. Makiyi a chipinda cha migolo ndinali nditawaika kale pa desiki.

Abwana anadzuka n'kutseka chitseko. Funso lawo limodzi lokha: ndani wina akudziwa? Ndinati a Migolo ndi bambo a kunyumba. Anandikankhira makiyi aja. "Mayi, ogula sanaionepo mphuno yanu. Chimene amagula ndi dzina lanu pa botolo."

Ndinapempha kuti a Migolo abwerere, ndichoke ndine. Akuti kalata inasainidwa kale, ndipo kuwabweza ndiye kuti anthu ayamba kufunsa chifukwa chake. Zolawa adzaona okha mmene angachitire. Ine ndizibwera monga mwa masiku onse.

Ndimaganiza kuti ndikalankhula chinachake chikonzeka. Palibe. Lole ya a Migolo ibwera Loweruka.

Mawa kukubwera ogula anayi kudzalawa vinyo wa chaka chatha. Ndivale bwino, ndimwetulire. Abwana andilembera papepala zoti ndikawauze ndikanunkhiza: maluwa a ndimu, apulo wosapsa, mwala wonyowa ndi mvula.

Ndaloweza kale.