Kansalu Kopukutira Galasi: Chipepeso pa Imfa ya Bambo Jacinto Sixpence

Bungwe la Achinyamata Otsiriza Sukulu la m'Mafamu a Tengwe
Novembala, 1992

Kwa mayi Luiza Sixpence, ana awo Conceição ndi Mário, abale onse, ndi anthu onse a m'komboni muno,

Bungwe la achinyamata lalandira ndi mtima wosweka uthenga wa imfa ya bambo Jacinto Sixpence, amene atisiya atavutika ndi chifuwa kwa nyengo yochepa. Koma bungweli silingabise kuti pamwamba pa chisonicho pakhala kutopa ndi mkwiyo, pakuti thupi la munthu wolemekezekayu lagona m'nyumba yotentha ngati bani yowotchera fodya, dzuwa kutuluka, dzuwa kulowa, manda ake osakumbidwa, ndipo okana kukumbawo ndi anthu omwewo amene ankadya naye mbale imodzi.

Malemuwa anachokera ku Tete adakali mnyamata, nagwira ntchito pa famu ino zaka zawo zonse za mphamvu. Anayamba ndi kusonkhezera moto m'mabani, nakwera kufika posankha fodya, ndipo kumeneko anadziwika ndi dzanja lofatsa limene silinkang'amba tsamba ngakhale louma gwa. M'tchalitchi ndiwo ankatsogolera nyimbo. Njinga za m'komboni muno, pafupifupi zonse, zinadutsa m'manja mwawo, ndipo mwana wobwera ndi tayala lophwa sankabwerera akulira. Dzanja lofatsa lomwelo ndilo linawasankhitsa chaka chatha, pamene alendo ochokera ku sukulu ina yaukachenjede ya kunja anaimika makina awo kuseri kwa damu, nafuna munthu wowasamalira.

Popeza za makinawo zanenedwa zambiri, bungweli likupempha kuti lifotokoze kotsiriza, ndipo chonde, kotsirizadi. Makinawo amaponya kumwamba kuwala kowongoka kotchedwa leza. Kuwalako kukagunda fumbi, chinyontho kapena mtambo, kwina kumabwerera pansi, makinawo n'kulemba kuti mtambowo uli patali bwanji, mpweya uli ndi chinyontho chotani, ndipo mphepo ikulowera kuti. Basi! Amafunsa kumwamba, satengako kanthu. Achinyamata amene malemuwa ankawalola kuimirira pakhomo pa kanyumba ka makinawo dzuwa likamalowa sadzaiwala kamzere kobiriwira kaja, koonda ngati ulusi, kataimirira njii kuchokera pa dothi lathu lomweli la fodya mpaka kumene maso safika. Ena a ife tinayamba kukhulupirira pamenepo kuti dziko silithera pa msewu wa ku tauni ya Karoi.

Ntchito ya bambo Sixpence inali yothira mafuta mu injini yoyendetsa makinawo, yophimba makina kamvuluvulu akamabwera, ndiponso yopukuta galasi la pamwamba m'mawa uliwonse ndi kansalu kofewa kachikasu kamene alendowo anawapatsa. Tsoka linalowera pa kansaluko. Chilala chitagwa m'dziko lonse, anthu opita kumunda ankaona mitambo ya m'mamawa itasonkhana, kenaka n'kuona bambo Sixpence atakwera pa makwerero akupukuta galasi, ndipo dzuwa likakwera mitambo ija balala. Sipanatenge nthawi kuti mawu amveke ku mpopi akuti munthu wa ku Tete uja akupukuta mitambo. Kuti mvula yakanikanso ku Marondera, ku Malawi ndi kwawo komweko ku Tete, kumene kulibe galasi kapena kansalu, palibe anafuna kumva. Anthu anasiya kuwapatsa moni. Njinga zinayamba kupita kwa wokonza wa ku famu ina. Alendo aja atapakira makina awo n'kumapita, dzina loipa lija anawasiyira bambo Sixpence, pamodzi ndi kansalu.

Tsono imfa itachitika, mkulu wa adzukulu, a Elifasi, anafika pa siwa ndi anzawo opanda khasu ngakhale limodzi, nakhala pansi pa mtengo, nalengeza kuti munthu womanga mvula saikidwa m'dothi mfundo yake isanamasulidwe, chifukwa mvulayo amalowa nayo pansi. Anati kansalu kaja kanyikidwe kaye m'damu anthu akuona, apo ayi manda sakumbidwa.

Wapampando wa bungweli, Jasten Nason, anayesa kulankhula za chinyontho ndi mphepo, ndipo akuvomera kuti mawu anakwera kuposa mmene ayenera kukwerera pa maliro. A Elifasi anangomuyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka ku tsitsi.

"Iwe mfana, Fomu Folo yakoyo inakumbapo manda angati?"

"Sekuru, gogo wathu, munthu akuonongeka m'nyumbamo!"

"Ndiye uwauze amayi amasiyewo atulutse chinthucho. Ife makasu tili nawo, sanathawe."

Achinyamata anagwirizana kuti kansaluko kasaperekedwe, pakuti kukapereka kunali kuvomera bodza, ndipo anali okonzeka kukangana mpaka sabata kutha. Amene sanafunsidwe maganizo ndi mayi Luiza. Iwo anali m'nyumba pambali pa amuna awo, akuingitsa ntchentche ndi kanthambi ka mtengo, akumva zonse kudzera pa khoma. Anali atapirira chaka chathunthu chotunga madzi okha ku mpopi, amayi anzawo akudikira kuti achoke kaye. Koma fungo limene linayamba kudzaza m'chipindamo silinali la kupirira. Anatuluka, maso ali gwa, kansalu kali m'dzanja limodzi, m'dzanja lina muli kachidutswa ka sopo.

"Jasten, mwanangu, khala chete. Sukulu yakoyo ukaiphunzitse mawa. Amene akununkha m'nyumbamu ndi mwamuna wanga, si wako." Atatero anatembenukira kwa adzukulu. "A Elifasi, dzukani. Mwati ku damu? Tiyeni."

Komboni yonse inawatsatira. Damu lenilenilo linali litauma, kwangotsala chithaphwi chamatope pakati, ndipo mayi Luiza anayenda pa dothi long'aluka mpaka pamenepo, nagwada, nanyika kansalu, napaka sopo, nayamba kuchapa mosafulumira ngati tsiku lina lililonse.

"Aiwa, mai, sopo ayi," anatero a Elifasi. "Tinati kungonyika."

"Ine ndimachapa chonchi. Loweruka lililonse chibwerere azungu aja, kansalu aka ndakachapa m'damu lomwe lino, pamodzi ndi malaya a bambo. Akazi anu a Tionenji amachapa pambali panga, afunseni. Kanyowa kauma, kanyowa kauma, chaka chonse. Mvula yanuyo inamasuka kangati?"

Anthu onse anatembenukira kwa a Tionenji, amene anayamba kukonza duku lawo lomwe linali lokonzakonza kale. A Elifasi anatsokomola, nayang'ana kumwamba, nayang'ananso pansi, kenaka ananena mwaulemu wonse kuti kuchapa kwa masiku enawo sikunkawerengedwa popeza panalibe mboni za mwambo, koma kwa lero kwawerengedwa, ndipo mfundo yamasuka. Mayi Luiza anafinya kansalu kawo, nati, "Zikomo. Ndiye kakumbeni."

Zimene bungweli linalephera ndi mabuku ake onse, anazitha mayi wamasiye ndi sopo, ndipo chikupweteka n'chakuti bodza lija silinafe ayi: likudikira mvula yoyamba kuti lidzadzitame. Tidzamva ku mpopi kuti a Elifasi ndiwo anamasula kumwamba. Tidzatopa nazo nthawi yake ikadzafika. Lero chachikulu n'chakuti makasu alowa m'dothi, ndipo bambo Sixpence agona mawa m'manda a pa famu ino, pakati pa anzawo amene anagwira nawo ntchito, monga munthu wolemekezeka.

Kwa inu mayi Luiza, kwa Conceição ndi Mário, ndi kwa abale a ku Tete amene uthengawu udzawapeze mochedwa, mamembala onse a bungweli akuti pepani, pepani ndithu, pa imfa ya bambo wathu, komanso pa phokoso limene achinyamatafe tinawonjezera pakhomo panu pa nthawi imene munkafuna bata. Mulungu amene malemuwa ankamuimbira akulimbitseni mtima m'masiku akudzawa, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.

Kwa anthu a m'komboni, bungweli likudziwitsa kuti dothi la kumanda lauma ngati mwala, ndipo adzukulu paokha samaliza. Anyamata athu apita kale ndi mapiki, akukumba motsogozedwa ndi a Elifasi omwewo, popanda kutsutsana nawo. Aliyense amene ali ndi piki kapena fosholo abwere nayo. Ndipo amene mwakhala chaka chonse mukulambalala khomo la a Sixpence, njira ya kumanda ikudutsa pomwepo: imani, lowani, muwagwire dzanja mayi Luiza.

M'malo mwa mamembala onse,

Jasten Nason
Wapampando