Lamulo Lachitatu la Bambo

Trondheim,
9 Febuluwale 2025

Okondedwa achimwene a Douwe,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu ndi ana. Bondo lija lasiya kuvuta, kapena mukulimbana nalobe pa masitepe a kudoko? Nanga Amayi, chifuwa chija chinatha? Pa foni amangoti ali bwino, koma mukuwadziwa, ngakhale atathyoka mwendo angayankhe chimodzimodzi.

Ine thupi lili bwino, mutu ndiye sukugwira. Ndalemba papepala dala, chifukwa mauthenga a pafoni simuwerenga, mumangoyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Iyi yokha muwerenge mutakhala pansi.

Kuno chisanu chafika poipa. Tcheni cha njinga chinaduka, ndiye kuntchito ndikupita wapansi. Chotenthetsera nyumba chikudontha, ndipo mwini nyumba wakhala akunena kuti abwera mawa kwa masabata atatu tsopano. Buledi wa shuga munatumiza uja anafika ataphwanyika, koma sanaone tsiku lachitatu. Zikomo.

Tsopano nkhani imene yandigwiritsa cholembera.

Mukudziwa kuti chimwalirireni Bambo ndakhala ndikuthandiza pa pulogalamu yawo ya pakompyuta ija yowerengera nthawi imene nyanja imadzaza ndi kuphwa. Inu munkaiona ngati choseweretsa cha Bambo, koma anthu a m'madoko ambiri anailowetsa m'mapulogalamu awo, ndipo aliyense ali ndi ufulu wotumiza zimene wakonza. Amene akuiyang'anira tsopano ndi bambo Brodersen a ku Bremerhaven, mkulu uja anabwera ku maliro ndi chipewa cha buluu, amene inu munati akuoneka ngati ameza ndimu.

Bambo anasiya tsamba la malamulo khumi ndi awiri a kalembedwe. Mzere usapitirire zilembo makumi asanu ndi atatu. Mzere wolowa m'kati uyambe ndi mipata inayi, osati itatu. Zoterozo. Ine malamulowo ndimawadziwa kuposa nambala ya foni yanga, ndipo ndakhala wapolisi wake. Chaka chatha ndinabweza ntchito ya bambo wina wa ku Lisbon katatu konse chifukwa cha kampata kamodzi kotsalira kumapeto kwa mzere, ndipo sindinamve chisoni ngakhale pang'ono.

Lamulo lachitatu limati: usakhudze mzere umene sunabwere kudzakonza. Chifukwa chake n'chakuti kaundula wa pulogalamuyi amaika dzina pambali pa mzere uliwonse, dzina la munthu amene anaukhudza komaliza. Ukatsegula tsambalo unkangoona Ype Tjalsma, Ype Tjalsma, kutsika mpaka pansi. Ndiulule, masiku ena ndinkatsegula popanda chochitapo, kungofuna kuona dzina la Bambo.

Lolemba lapitali bambo Brodersen anandipatsa kiyi, ndiye kuti chilolezo cholowetsa zosintha ndekha popanda kudikira kuti iwo avomereze. Ndinadzimva ndithu. Lachiwiri m'mawa ndinakonza nambala imodzi pa mzere umodzi, pa laputopu yatsopano ya kuntchito. Lamulo lachisanu ndi chiwiri limati uone ndi maso ako zimene wasintha usanatumize. Ine ndinati, aaa, mzere umodzi womwewu, choona n'chiyani? Ndinatumiza, n'kupita kukaphika khofi.

Achimwene, kumapeto kwa mzere uliwonse kumakhala kachizindikiro kosaoneka ndi maso, ndipo makina ena amakalemba mosiyana ndi anzake. Laputopu ija inasintha kachizindikiroko pa mizere yonse osandiuza. Nditabwerako ndi khofi wanga n'kutsegula tsamba lija, ndinaona Sjoukje Tjalsma. Pansi pake Sjoukje Tjalsma. Ndinatsitsa, kutsitsa, mizere 6,200, paliponse ine. Mayo ine! Dzina la Bambo silinatsale ngakhale pamodzi.

Pulogalamu ikugwira ntchito ngati kale, palibe sitima imene yatsakamira pamchenga chifukwa cha ine. Koma ndinamva ngati ndawaika m'manda kachiwiri, ndi dzanja langa, tsiku lachiwiri la kiyi.

Kufufuta sikukanatheka. Lamulo loyamba limati mbiri ya zosintha sifufutidwa, popeza anthu mazanamazana anakopera kale ndipo zawo zingasokonekere. Kubwezera kachizindikiro kakale nakonso sikukanathandiza, chifukwa wokhudza komaliza ndikanakhala ine yemweyo. Pofika masana bambo wa ku Lisbon uja anali atalemba kale pagulu la okonza pulogalamuyi kuti, "Mwagwira ntchito mayi, mizere 6,200 tsiku limodzi! Mumadya chiyani kumeneko?"

Lachitatu masana ndinaimbira bambo Brodersen pa kanema, nditakonzeka kubweza kiyi. Ndinayamba kupepesa, koma mkulu uja anangophulika kuseka. Anaseka mpaka kutsokomola. Ine chiwadziwireni sindinawaonepo mano.

"Iwe ndiwedi mwana wa Ype," anatero. "Ngakhale polakwa pake mpomwepo."

Ndinati, "Bambo Brodersen, musandiseke chonde, ine kuno ndikufa."

Anandiuza kuti ndisafe msanga, njira ilipo masiku ano. Kusintha kulikonse kuli ndi nambala yake, ndipo pali kamndandanda kamene umalembapo nambala ya kusintha kumene ukufuna kuti kaundula azikudumpha poonetsa mayina. Mbiri ikhala momwemo, koma dzina langa lichoka pa mizere ija n'kuonekanso limene linalipo kale. Ndinatsala pang'ono kuvina pampando.

Kenaka anasiya kuseka. Anavula magalasi, n'kundifunsa kuti pa kamndandandako tilembapo nambala imodzi kapena ziwiri. Ndinati ziwiri za chiyani, ine ndalakwa kamodzi. Anati nditsegule kaundula wa mwezi wa Malichi, 2003.

Sindinafikeko kale kumeneko, ndinalibe chokatengako. Nditatsegula, mizere ya pakati penipeni inali ndi dzina lina. B. Roorda. Ndinafunsa kuti ameneyu ndi ndani.

"Ukufunsa ine dzina la mayi ako?"

Achimwene. Baukje Roorda. Amayi athu, dzina la kwawo.

Mizere 1,900, ndipo si mizere wamba. Ndi paja pamawerengedwa mphamvu ya mwezi ndi dzuwa pa madzi, mtima wa pulogalamu yonse. Paja Bambo ankati tisayandikirepo, pamene zaka zonsezi sipanapezekepo cholakwika ngakhale chimodzi. Ine ndinkanyadira Bambo chifukwa cha pamenepo. Ndinauzapo anthu pamsonkhano kuti onani mutu wa bambo anga.

Munthu akamalowetsa zosintha amasiya kauthenga kofotokoza zimene wachita. Ndinawerenga timauthenga tonse ta B. Roorda, tilipo 214. Tambiri ndi ta ntchito basi, tatifupi, monga amalankhulira. Koma kena kakuti, "Douwe wataya nsapato kusukulu, ndapita kukafuna." Kena kakuti, "Sjoukje watentha thupi, zotsala mawa." Ndinalira, achimwene, ndisaname.

Bambo Brodersen anandifotokozera mmene zinachitikira. Lamulungu lina Bambo anaona kuti mizere siikuyambira pofanana, ndiye anaganiza zoikonza yonse kuti iyambe ndi mipata inayi. Kukonda ukhondo kwawo kuja. Atamaliza, paliponse panali Ype Tjalsma. Amayi ataona akuti sanakalipe. Anangoti, "Chabwino Ype, tsopano ndi yako yonse," ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalembenso mzere ndi umodzi womwe. M'mawa mwake Bambo analemba lamulo lachitatu. Ine ndakhala ndikukwapula nalo anthu osadziwa kumene linachokera.

Nthawi imeneyo njira yodumphira kunalibe. Itabwera zaka zingapo zapitazo, bambo Brodersen anawauza Bambo kuti tsopano dzina la Baukje likhoza kubwerera. Bambo anayankha kuti, ndimufunsa kaye mwini wake. Chaka chotsatira anawakumbutsa, yankho lomwelo, ndimufunsa. Chaka china, ndimufunsa. Mpaka tinawaika.

Sindikunena kuti Bambo anaba. Bambo Brodersen akulumbira kuti sizinali dala, ndipo ine ndine womaliza kuweruza, popeza ndachita zomwezo khofi ali pamoto. Koma ndakwiya. Kulakwa kwa tsiku limodzi ndikukumvetsa, kukhala chete mpaka kumanda ndiye kukundikanika kumeza.

Ndipo ife bwanji? Tinkadziwa kuti Amayi anaphunzira masamu ku yunivesite ku Groningen, koma tinkangowaona ngati otithandiza ntchito ya kusukulu. Mukukumbuka Bambo akamalowa kukhitchini ndi mapepala n'kutseka chitseko? Ife tinkati akukangana, inu n'kumakweza wailesi kuti ndisamve. Anali kukafunsa nzeru kwa Amayi, achimwene! Ndiye pa maliro inu munaima kutsogolo n'kunena kuti Bambo anamanga zonsezi okha ndi manja awo awiri. Sindikukunenani, mawuwo tinalembera limodzi. Amayi anali pa benchi yoyamba, chikwama pamiyendo, akugwedeza mutu.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha.

Tikalemba nambala imodzi, yanga yokha, dzina la Bambo libwerera paliponse ngati kale ndipo palibe adzadziwe kanthu. Tikalemba ziwiri, yanga ndi ya Bambo ija, mizere 1,900 ionetsa B. Roorda, ndipo aliyense wotsegula aona yekha zimene zinachitika. Bambo Brodersen akuti si iwo ogamula, ndipo si ine. Akunena zoona. Pakadali pano tasiya momwemo, dzina langa lili pa ntchito ya anthu awiri ndipo ndikuchita manyazi tsiku ndi tsiku. Pulogalamu yatsopano ituluka kumapeto kwa mwezi uno, ndiye tiyenera kudziwa tisanafike pamenepo.

Pitani mukawafunse Amayi. Ndikanaimba ndekha, koma pa foni samva bwino, ndipo mukudziwa kuti angondiuza kuti zilibe kanthu n'kufunsa ngati ndikuvala masokosi okwanira. Izi zikufuna munthu wokhala nawo pa tebulo, wowaona m'maso. Musatume alamu. Musapite ndi ana. Mukhale mbali ya kumanja kumene khutu limamva, muwauze zonse monga ndalemberamu, ndi kupusa kwanga komwe. Mukafuna muwawerengere kalatayi. Akayamba kukamba za nyengo, mudikire, mufunsenso.

Ndipo chonde, achimwene, musandiyankhe kuti muwafunsa. Mawu amenewo sindikufunanso kuwamva m'banja mwathu. Mundiuze tsiku limene mwawafunsa.

Mupereke moni kwa alamu anga a Femke, muwauze kuti juzi ija ikundipulumutsa. Moni kwa Jelle ndi Nynke, azakhali awo abwera pa Pasaka akakhala ndi khalidwe. Moni kwa azakhali a Tryntsje, ngakhale ndikuwakayikira tsopano kuti nawonso ankadziwa. Kwa amalume a Sipke, muwauze kuti ndinalandira khadi lawo.

Kwa Amayi, muwauze kuti ndawerenga ntchito yawo yonse, mzere ndi mzere, ndipo sindinaonepo yokongola chotero. Akati dzina lawo likhale lobisika, ndilemba nambala imodzi ndipo sindidzatchulanso nkhaniyi. Akati lionekere, ndilemba ziwiri tsiku lomwelo. Chilichonse chimene anganene ndichita, koma nthawi ino anene okha.

Ndine mlongo wanu wosamva uja,
Sjoukje