Miyala ya pa Denga la Amayi

Malota, Livingstone
Disembala 1996

Okondedwa ba Pumulo,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ndola kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tadzuka. Amayi okha chifuwa chawagwira, ndipo chifukwa chake muchimva pompano, poti inunso muli ndi gawo lanu.

Galimoto ija munasiyira mng'ono wanu Inambao kuti azinyamulira makala, makalawo sinawaonepo. Chiyambire mvula, munthu wa ndevu zake wapeza ntchito yothamangitsa mitambo. Akangoona kwada kumadzulo, amatola azungu ogula ziboliboli ku mathithi a Mosi-oa-Tunya, n'kuwauza kuti mathithi ni zakale, iye awaonetsa mphezi pafupi. Ndiye liwiro kudutsa Simonga mpaka ku madambo a njira ya Kazungula, kumene kulibe ngakhale mtengo woti mphezi isankhe m'malo mwa mutu wake. Ine amene ndinakaphunzira za nyengo ku yunivesite, akuti ndimadziwa mvula ya m'buku.

Lachiwiri lapitali anazindikira kuti galimoto ikapepuka kumbuyo imaterereka m'matope. Katswiriyo anakwera pa nyumba ya amayi, n'kutsitsa miyala yonse yopsinja malata, ija munakweza inu ndi malemu atate, n'kuilonga m'galimoto. Amayi anali ku tchalitchi, ine kusukulu kuphunzitsa. Ba Florida oyandikana nafe atamufunsa, anawayankha kuti asawope, chimphepo chili ku Kazungula, iye wachiwerenga kale.

Chimphepocho palibe anachiuza kuti chawerengedwa. Chinabwera ku Malota, pakhomo pake penipeni, mwini wake ali kutali kuchisaka. Denga linanyamuka lonse. Lata limodzi tinakalitola kuseri kwa chimbudzi cha ba Muleya, lina mpaka lero likadali paulendo. Amayi ndinawapeza atakhala pa bedi lonyowa, beseni ali nalo kumutu, akunjenjemera.

Inambao anafika matope mpaka m'makutu, akudandaula kuti ulendo unali wa pachabe, sanaoneko ngakhale kamphezi. Miyala? Anaikwirira m'dambo pamene galimoto inatitimira.

Chondiwawa kwambiri, amayi akutsokomola chomwecho akuti tisamukalipire mwana, ali ndi chidwi chabe. Mwana ameneyu ali ndi dazi, ba Pumulo!

Malata amene tatola tawabwezera, koma mitengo ya denga inafumbwa kalekale, misomali sigwira. Mvula ikadalipo mpaka Marichi. Chifuwa cha amayi sichingapirire kunyowanso, ndipo Inambao walonjeza kale azungu ena Loweruka.

Tsono mumve kwa ine, asanakufikireni mabodza. Dzulo ndinaitana ba Muleya ndi jeke yawo. Galimoto yanu yakhala pa njerwa. Matayala ake onse, ndi la sipeya lomwe, ali pamwamba pa nyumba, akugwira ntchito yoyamba yaphindu chibwerereni kuno. Inambao akuti akulemberani kuti ndaba katundu wanu. Mlekeni alembe, bola akhale pansi.

Musandiyankhe ndi pepala. Bwerani nokha Khirisimasi isanafike, ndi mitengo yatsopano, mudzakhome denga la mayi wanu. Matayala adzatsika tsiku lomwelo, koma makiyi mudzabwerere nawo ku Ndola. Mukapanda kubwera, galimotoyo nkhuku zayamba kale kuikonda.

Mupereke moni kwa alamu, ndi kwa ana, Njekwa ndi Mwiya. Amayi akuti Mulungu akusungeni. Ine ndidzanena zimenezo ndikadzakuonani ndi hamala m'manja.

Ndine mlongo wanu,
Monde